KAMBOZI KA PEPALA: CHIDOLE CHOPHUNZITSIRA ANA A MKOMBAPHALA

 Nkhani ya lero ndaikonzera makamaka inu alezi a m'sukulu za mkombaphala, pamodzi ndi inu amayi, abambo ndi agogo amene muli ndi ana a zaka 3 mpaka 5 pakhomo. Tikambirana kapangidwe ka chidole cha pepala chimene mwana angathe kuchiyendetsa ndi manja ake pofotokoza nthano ya m'buku. Amene muli ndi pensulo pafupi itengeni, pakuti pali miyeso ingapo imene muyenera kuilemba.

Tiyambe ndi chifukwa chake. M'malo ambiri olererako ana, mabuku a nthano okhala ndi zithunzi ndi osoŵa. Kumene buku lilipo, kaŵirikaŵiri limakhala limodzi lokha pakati pa khamu la ana, ndipo mlezi, poopa kuti ling'ambika, amalinyamula m'mwamba, naŵerenga, nalitsekeranso m'bokosi. Sitingamdzudzule, pakuti likang'ambika palibe lina. Koma chotsatira chake nchakuti mwana amaionera nthanoyo patali, monga timaonera galimoto lodutsa pamseu. Mwana wa msinkhu umenewu amasunga bwino m'mutu chinthu chimene wachigwira ndi manja, nachitchula ndi pakamwa pake. Akakwana zaka 6 adzaloŵa Sitandade 1, m'kalasi mmene mphunzitsi mmodzi amayang'anira ana ochuluka, ndipo kumeneko adzafunsidwa kuŵerenga zinthu, kutchula masiku ndi kufotokoza chimene chinayamba ndi chimene chinatsatira. Amene sanazoloŵere kulankhula pagulu amakhala duu kumbuyo, chaka nkutha mphunzitsi osamva liwu lake. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Chidole chimene tipange lero ndi njira imodzi yotsika mtengo yotulutsira buku m'bokosi muja ndi kuliika m'manja mwa mwana aliyense.

Buku ndi mwini wake

Buku limene tatengako chidole chathu analilemba ndi kulijambula ndi Eric Carle wa ku America, ndipo linatuluka m'chaka cha 1969. Dzina lake m'Chingerezi ndi The Very Hungry Caterpillar, ndiye kuti mbozi yanjala kwambiri. Carle anabadwira mu mzinda wa Syracuse m'chigawo cha New York mu 1929, anakulira ku Germany kwawo kwa makolo ake, nabwerera ku America mu 1952. Anamwalira mu 2021. Bukuli lamasuliridwa m'zilankhulo zoposa 60, ndipo makope amene agulidwa apitirira 50 miliyoni.

Pali zinthu ziŵiri pa bukuli zimene zikutikhudza ife. Choyamba ndi kajambulidwe kake. Carle ankapaka utoto pa mapepala opyapyala, akauma nkuwadula, nkuwamata pa tsamba loyera mpaka chithunzi chioneke. Motero mbozi ya m'bukumo inali ya mapepala odula ndi kumata kuyambira pachiyambi, ndipo mwana amene akudula ndi kumata akugwira ntchito yofanana ndi ya mwini buku. Chachiŵiri ndi timabowo. Pa chipatso chilichonse chimene mboziyo yadya, tsamba la bukulo nlobowoka, kuti mwana aloŵetsepo chala. Mwini wake ankafotokoza kuti ganizo limeneli linamdzera pamene ankaseŵera ndi kachipangizo ka mu ofesi kobowolera mapepala. Poyamba anafuna kulemba za nyongolotsi, koma mkonzi wake, mayi Ann Beneduce, anamlangiza kuti ikhale mbozi, ndipo pamenepo mpamene panachokera gulugufe wa kumapeto kwa nthano.

Nthanoyo mwachidule ili motere. Kambozi kaswa dzira lake tsiku Lamulungu m'maŵa, kali ndi njala. Lolemba kadya chipatso chimodzi, Lachiŵiri ziŵiri, Lachitatu zitatu, Lachinayi zinayi, Lachisanu zisanu. Loŵeruka kadya mwadyera zakudya khumi zosiyanasiyana, zonona ndi zotsekemera, ndipo usiku wake m'mimba mwakapweteka. Lamulungu kadya tsamba lobiriŵira nkupeza bwino. Kenaka, katanenepa, kadzitsekera m'chikwa kwa masabata aŵiri ndi kupitirirapo, nkutulukamo kali gulugufe wokongola.

Mwina mwaona kale chinthu chimene mwana wa ku America sangachione. M'Chingerezi maina a masiku sanena nambala, kotero kuti mwana wa kumeneko ayenera kungoloŵeza kuti tsiku lakuti ndi la zipatso zingapo zakuti. Kwathu kuno dzina la tsiku limaŵerenga lokha. M'mawu akuti Lachiŵiri muli kale chiŵiri, mu Lachitatu muli chitatu, ndipo chimodzimodzi Lachinayi ndi Lachisanu. Mwana akamva kuti Lachinayi kambozi kanadya zipatso zinayi, khutu lake limagwira mawu aŵiriwo pamodzi, ndipo wayamba kuzindikira kuti masiku a sabata tinawatcha moŵerenga kuyambira Lolemba. Nthano yachilendoyi imakhala bwino m'Chicheŵa kuposa m'chilankhulo chimene inalembedwamo.

Amene muli nalo bukuli, liŵerengereni ana moonetsa zithunzi, mukumasulira m'chilankhulo chawo. Amene mulibe, ifotokozeni nthanoyi pakamwa monga ndachitira ine, ndipo m'malo mwa zipatso za m'bukumo, zimene ana ambiri a kumudzi sazidziŵa, ikanimo zathu: papaya limodzi, nthochi ziŵiri, mango atatu, magwafa anayi, nthudza zisanu. Ndasankha dala maina a magulu osiyana. Mwana amene wanena "limodzi, ziŵiri, atatu, anayi, zisanu" akuphunzira kugwirizanitsa dzina ndi nambala yake, ngakhale sadziŵa kuti akuphunzira galamala.

Zofunika

Tsopano lembani zofunika. Mufuna mapepala a muyeso wa A4, aja a mu ofesi, ngakhale olembedwa kale mbali imodzi. Mufuna nyuzipepala yakale, katoni wopyapyala monga wa tiyi kapena wa sopo, sizasi, ndi zopakira. Kumene kuli chekeni gwiritsani ntchito chekeni. Kumene kulibe, makala apereka mtundu wakuda, katondo wosungunula m'madzi pang'ono apereka wofiira, chikasu chosinja chipereka wachikasu, ndipo masamba a maungu kapena a nyemba osinja ndi kufinya apereka wobiriŵira. Musatenge mapepala a matumba a simenti, a feteleza kapena a mankhwala a mbewu, chifukwa ana amaika zala ndi mapepala omwe m'kamwa.

Chomatira mungaphike nokha. Tengani masupuni aakulu 2 a ufa wa chinangwa, uja wophikira kondowole, kapena ufa wa tirigu, muusungunule m'kapu imodzi ya madzi ozizira mpaka mibulu yonse ithe. Ikani pamoto wapang'ono mukutakasa, kufikira phalalo litalimba ndi kuyamba kunyezimira. Liphuleni, lizizire. Ufa wa chimanga sumata bwino monga wa chinangwa. Ufa ukhale wodyedwa, wokonzedwa bwino, pakuti sipalephera mwana wolaŵa. Phala limeneli limasasa msanga m'nyengo yotentha, choncho phikani lokwanira tsiku limenelo basi.

Kapangidwe kake

Ntchito yoyamba ndi ya munthu wamkulu, ndipo ichitike ana asanabwere. Pepala la A4 ndi la masentimita 21 m'lifupi ndi pafupifupi 30 m'litali. Lipindeni pakati motsata m'litali mwake, mulipindenso kachiŵiri momwemo, kenaka mulitambasule. Muona mizere itatu ya mapindiro. Dulani motsata mizereyo, ndipo mupeza timapepala tinayi tatitali, kalikonse ka masentimita 5 m'lifupi. Kamodzi ndi thupi la kambozi kamodzi. Motero pepala limodzi likwanira ana anayi, ndipo mapepala 10 akwanira ana 40.

Gonekani kapepala kamodzi chopingasa patsogolo panu, mbali yosalembedwa ili pamwamba. Kuyambira kumanzere, siyani malo a masentimita pafupifupi 2, mujambulepo mzere. Malo amenewo ndi khosi, pomatapo mutu. Kuchokera pa mzerewo, gaŵani potsalapo m'zigawo 7, chilichonse cha masentimita 4. Ngati mulibe rula, masentimita 4 ndi pafupifupi zala ziŵiri za munthu wamkulu zitagundana. Njira yachangu ndiyo kudula kakatoni kamodzi ka muyeso umenewo ndi kumayezera komweko pa timapepala tonse. Zigawo 7 zimenezi ndiwo masiku a sabata, Lolemba pafupi ndi khosi, Lamulungu kumchira.

Mutu dulani pa katoni wopyapyala. Vundikirani kapu yaing'ono pakatonipo, zungulizani pensulo m'mphepete mwake, mudule. Pomaliza konzani timitengo togwirira, tiŵiri pa mwana aliyense. Bango kapena phesi louma la mapira lingathe kuchita, koma ana aang'ono amabayana m'maso poseŵera, nchifukwa chake ndikulimbikitsa timitengo ta nyuzipepala. Tengani theka la tsamba la nyuzipepala, yambirani pangodya kulikulunga molimba mpaka pangodya inayo, matani nsonga yake, mudule kuti katalike masentimita 20. Kakauma kamalimba mokwanira, koma sikangavulaze.

Tsopano ana aloŵe ntchito. Mwana aliyense alandire kapepala kake, khosi lili kumanzere. Aviike nsonga ya chala m'katondo kapena m'chikasu, adinde kadontho kamodzi m'chigawo choyamba, akunena kuti "Lolemba, papaya limodzi." M'chigawo chachiŵiri adinde tiŵiri, m'chachitatu titatu, mpaka tisanu m'chigawo cha Lachisanu. M'chigawo cha Loŵeruka msiyeni adinde tambirimbiri monga afunira, pakuti ndilo tsiku ladyera, ndipo mudzaona kuti ana amalikonda tsiku limeneli koposa onse. M'chigawo cha Lamulungu amate katsamba kenikeni kakang'ono, kapena apakepo mtundu wobiriŵira. Utoto usakhale wamadzimadzi, kuopa kuti pepala lingafeŵe ndi kung'ambika. Yanikani pamthunzi, mutatsindika ndi timiyala.

Timapepala tikauma, tipindidwe. Mzere wa khosi usapindidwe. Pa mizere 6 yotsalayo pindani chakutsogolo, kenaka chakumbuyo, chakutsogolo, chakumbuyo, mpaka kumchira. Mukakasiya kapepalako kaima m'mbali mokhotakhota, ndipo kamafupika mukakapanikiza, nkutalika mukakakoka. Mwana ajambule maso ndi pakamwa pa mutu uja ndi khala kapena chekeni, aumate pakhosi. Maso akhale ojambula. Musamatepo nyemba, mikanda kapena timiyala, ndiponso musagwiritse ntchito mapini kapena waya, chifukwa tinthu totere timathera m'mphuno, m'khutu kapena kummero kwa mwana. Wofuna tinyanga ang'ambe timapepala tiŵiri, amate pamwamba pa mutu.

Chotsiriza ndicho kumata timitengo. Phwatalitsani nsonga imodzi ya kamtengo ndi chala, muimate kumbuyo kwa mutu, kamtengoko kataloza pansi. Kachiŵiri matani kumbuyo kwa chigawo cha Lamulungu. Pamwamba pa nsonga iliyonse matanipo kachigamba ka pepala kuti igwire zolimba. Lembani dzina la mwana kumbuyo kwa thupi ndi zilembo zooneka bwino, iye akuona, pakuti dzina lake ndilo liwu loyamba limene mwana amalizindikira polembedwa. Zidole zigone usiku umodzi kuti ziume. Kukacha mwana agwire kamtengo kamodzi kudzanja lililonse. Akayandikizitsa manja kambozi kafupika, akawatalikitsa katambasuka, ndipo akachita zimenezi akusuntha manja cha kumene mutu waloza, kambozi kayenda.

Gulugufe ndi chikwa zikhale za mlezi, kapena za ana okulirapo. Pindani theka la pepala pakati, jambulani phiko limodzi kuyambira pa mpindiro, mudule mapepala aŵiriwo pamodzi. Tambasulani, donthezani utoto pa phiko limodzi lokha, pindaninso ndi kusisita. Potambasula mudzapeza kuti mapiko onse aŵiri ali ndi maanga ofanana, monga alili a gulugufe weniweni. Matani kamtengo pansi pa mpindiro, ndipo mukamakweza ndi kutsitsa dzanja mapiko adzakupiza. Chikwa ndi envulopu yakale yaikulu, kapena kathumba ka pepala, mmene mwabisamo gulugufeyo ana asanaone.

Ntchito yonseyi musaipanikize m'tsiku limodzi. Ana a msinkhu uwu amatopa pakatha mphindi 15 kapena 20. Tsiku loyamba likhale la nthano ndi kudinda, lachiŵiri la kupinda ndi kumata, lachitatu la seŵero. Wa zaka 3 adinde ndi kujambula maso, inu mumpindire. Wa zaka 4 apinde yekha mmene inu mwayamba mwathyolamo kale. Wa zaka 5 angathe kupinda motsata mizere, ndiponso kudula mutu ndi sizasi yosasongoka inu muli pomwepo. Ndipo ndikupempheni chinthu chimodzi, inu alezi: musakonze ntchito ya mwana. Diso limodzi likakula kuposa linzake, lisiyeni. Makoma a sukulu zina amakongola ndi zinthu zofanana ndendende, zimene aliyense angaone kuti anapanga ndi munthu wamkulu, ndipo pamenepo pamakhala chikomekome cha nkuyu. Koma mwana akadinda timadontho titatu pa Lachinayi, ŵerengani naye pamodzi, apeze yekha kuti kamodzi kakusoŵa, aonjezere.

Tsiku la seŵero

Khazikani ana pamkeka mozungulira, aliyense ndi kambozi kake. Yambani monga timayambira nthano zathu zonse, inu "Padangokhala," iwo "Tilitonse." Pofika pa tsiku lililonse, ana ayendetse zidole zawo, aloze chigawo cha tsikulo, aŵerenge timadontho mokweza. Inu mufunse kuti, "Kodi kakhuta?" iwo ayankhe kuti, "Iyayi!" Pa Loŵeruka afunseni atchule okha zakudya zimene akanadya akanakhala iwo, ndipo mudzamva mandasi, zitumbuwa, kanyenya, masiwiti ndi zina. Afunseninso chimene chinapweteketsa m'mimba ndi chimene chinachiritsa. Pamenepo mwakamba za dyera ndi za ubwino wa ndiwo zamasamba popanda kukalipira munthu. Pomaliza pindani kambozi kanu, mukaloŵetse m'chikwa, ana atseke maso ngati kwada, ndipo mutulutse gulugufe.

Mukabwereza kaŵiri kapena katatu, inu khalani chete, ana afotokoze okha. Apa mpamene phindu la zigawo 7 zija limaonekera. Mwana amene waiŵala sayang'ana kwa inu, amayang'ana pa thupi la chidole chake, napeza chigawo chotsatira. Akuyenda ndi chala kuchokera kumutu kunka kumchira, kumanzere kunka kumanja, monga maso ake adzayendera pa mzere wa mawu akadzayamba kuŵerenga. Kwa mwana wamanyazi, musafunse iye mwini. Funsani chidolecho kuti, "Iwe kambozi, Lachitatu unadya chiyani?" Kaŵirikaŵiri mwana amene amaopa kuyankha mphunzitsi amayankhira chidole chake mosavuta, chifukwa maso a anzake ali pa pepala, sali pa iye.

Mafunso aŵiri a makolo

Ndikudziŵa kuti makolo ena amene akumvera akudzifunsa kuti, "Ife timasonkha ufa wa phala ndi ndalama kuti ana aphunzire zilembo ndi Chingerezi. Kodi zidolezi si kutaya nthaŵi?" Funsoli nlomveka, ndipo liyenera kuyankhidwa. Mwana angathe kuimba manambala kuyambira 1 mpaka 20 koma osatha kukupatsani miyala inayi mutampempha, chifukwa wagwira nyimbo, nambala sanaigwire. Amene wadinda timadontho tinayi, kamodzi pa liwu limodzi, wadziŵa chimene "zinayi" zimatanthauza. Zala zimene zapinda pepala motsata mzere ndi zomwezo zimene zidzagwire pensulo. Ndipo mwana amene angathe kufotokoza nkhani mwadongosolo m'chilankhulo chake ali ndi maziko omangapo chilankhulo china. Zimenezi sizachilendo m'maphunziro. Friedrich Froebel wa ku Germany, amene mu 1840 anatcha sukulu yake ya ana aang'ono dzina lakuti Kindergarten, ndiye kuti munda wa ana, anaika kupinda ndi kudula mapepala pakati pa ntchito zimene ana ankachita. Ifenso kwathu ana akhala akuumba ng'ombe zadothi ndi kupanga ana a zitsononkho kuyambira kale, namazilankhulitsa. Chatsopano pano ndi kulumikiza chidole ndi buku.

Funso lachiŵiri lichokera kwa alimi: "Mbozi ndi mdani wathu, bwanji tiphunzitse ana kuikonda?" Amene anaona chimanga chikuonongeka ndi mbozi zija zinafalikira m'dziko muno mu 2017, mpaka boma kulengeza za ngozi m'maboma 20, ali ndi chifukwa chofunsira motero. Yankho langa nlakuti mlimi wabwino ndi amene amamdziŵa mdani wake. Mbozi ya m'chimanga, monga kapuchi, imadutsa m'njira yomwe ija ya m'nthano: dzira, mbozi, chikwa, kenaka kachilombo kamapiko kamene kamauluka usiku nkukaikira mazira ena pa masamba. Mwana amene wamva dongosolo limeneli ali wamng'ono sadzavutika kumvetsa mlangizi akamadzanena kuti tiziyendera munda ndi kuphwanya mazira asanaswe. Ndipo si mbozi zonse zoononga mbewu. Zina, monga mphalabungu, ndi ndiwo, ndipo agulugufe amathandiza kunyamula ufa wa maluŵa kuchokera pa duŵa lina kunka pa lina.

Ngati pafupi panu pali mtengo wa mandimu kapena wa malalanje wosapoperedwa mankhwala, mungawaonetse ana nthano imeneyi ikuchitika. Pa masamba anthete a mitengo imeneyi pamapezeka mbozi ya gulugufe wamkulu wakuda wa maanga achikasu. Ikali yaing'ono imaoneka ngati chitosi cha mbalame, ndipo maonekedwe amenewa amaiteteza kwa adani. Pokula imafundula khungu kangapo, nisanduka yobiriŵira. Mukaikhudza imatulutsa kumutu tinyanga tiŵiri tonunkha toopsezera, koma siluma. Iikeni m'botolo lalikulu lotsekedwa ndi kansalu, muziipatsa masamba atsopano a mtengo womwewo tsiku ndi tsiku, ndiponso muikemo kamtengo. Ikakhwima idzadzimangirira pakamtengopo ndi kaulusi, nisanduka chikwa, ndipo patapita masabata aŵiri kapena kuposerapo gulugufe adzatuluka. Mapiko akauma, ana amtulutse panja. Muwaonetsenso kuti mbozi yeniyeni ili ndi miyendo 6 yaing'ono kufupi ndi mutu, ndi ina yonenepa yogwirira cha kumbuyo. Koma muwachenjeze kolimba kuti asagwire mbozi zaubweya monga chiyabwe, ndi kuti asatole mbozi m'munda wopoperedwa.

Kusamala chidole

Chidole cha pepala sichikhalitsa. Makoswe, mphemvu ndi chiswe zimakonda phala lomatira lija, choncho pasukulu pachikani zidole pachingwe, kapena muzisunge m'chitini chotseka bwino. Pakatha sabata, mwana apite nacho kwawo. Inu amayi ndi abambo, mwana akafika nacho, musachitenge kukayatsira mbaula kapena kupichira fodya. Kwa inu ndi pepala lakale, koma kwa iye ndi buku loyamba limene wapanga. Madzulo mutatha kudya, mpempheni akufotokozereni, ndipo mumvere mpaka kumapeto ngakhale asokoneze masiku. Ngakhale inu agogo amene simunapite kusukulu mungathe kuŵerenga naye timadontho tija, ndi kumfunsa kuti maŵa ndi lachingati. Chikang'ambika, pangani china pamodzi, ndipo mudzaona kuti ulendo wachiŵiri mwana ndiye azidzakuuzani chochita.

Mukaidziŵa njira imeneyi musalekere pa kambozi. Thupi lopindapinda lomweli lingakhale njoka, bongololo kapena ng'ona. Mutu wa katoni pa kamtengo kamodzi ungakhale Kalulu, Fisi kapena Fulu. Nthano ija ya Kalulu amene anakokanitsa chingwe Njovu ndi Mvuu, aliyense akuyesa kuti akulimbana ndi Kalulu, imafuna zidole zitatu zokha ndi kaluzi. Buku lililonse limene muli nalo, lifunseni mafunso aŵiri: ndani amene akuyenda m'nkhaniyi, ndipo ndi zinthu zingati zimene zikumchitikira motsatana? Woyendayo ndiye chidole, ndipo zochitikazo ndizo zigawo.

Ndibwereze miyeso kwa amene mumalemba. Pepala limodzi la A4 lidulidwe panayi motsata m'litali. Khosi masentimita 2, zigawo 7 za masentimita 4. Mutu wa katoni woyezera pakamwa pa kapu. Timitengo tiŵiri ta nyuzipepala ta masentimita 20. Masupuni 2 a ufa wa chinangwa m'kapu imodzi ya madzi. Alezi amene mumavutika kupeza mapepala, kambiranani ndi komiti ya makolo, pakuti m'maofesi, m'sukulu za pulayimale ndi m'matchalitchi mumakhala mapepala olembedwa mbali imodzi amene amangotenthedwa, ndipo 10 okha ndi okwanira kalasi lonse. Pemphani amene alibe zinsinsi za anthu.

Nthaŵi yathu yathera pamenepa. Amene muyese ntchitoyi, tilembereni kalata mutiuze mmene ana anailandirira, zipatso zimene munaikamo kwanuko, ndi maina amene mumatchulira mbozi ndi agulugufe m'chilankhulo cha m'dera lanu, kuti tidzaŵerengere anzanu a m'maboma ena.